ZA OIMBA NDI ZOIMBIRA: Ampulifaya Yonyamula Pamanja

Kale woimba kalimba sanali kusowa cokuzira mau. Anali kufuna cigubu couma bwino, nacidula pakamwa, nagwirira kalimba kace pamwamba pa cigubuco, ndipo mau amene akanathera m'manja mwace anali kufika kwa onse okhala pamoto. Ena anali kuboola kabowo ndi kumatapo kansalu koyera kamene kangaude amakutira nako mazira ace, kuti mau azituluka ndi kunjenjemera kokoma kuja. Kalimba ka Ansenga, kamene John Blacking analemba za iko mu 1961 ataceza m'midzi ya ku Petauke, kanali kotero. Mau ace anali apansi-pansi, oyenera njira ya kumunda ndi bwalo la madzulo, pamene phokoso lalikulu m'mudzi linali la mtondo ndi la agalu.

Masiku ano bwalo lasintha. Woimba banjo pa msika wa Kapata ku Chipata, kapena pa Soweto mu Lusaka, apikisana ndi cigayo, njinga zamoto, oitanira mabasi ndi masipika a m'masitolo. Wa gitala amene aitanidwa ku ukwati apeza anthu mazana atatu pansi pa tenti. Kwaya ya m'chalichi ca malata ikakweza mau, gitala imene iri kuitsogolera imamira. Cifukwa cace oimba ambiri a zoimbira zopanda magetsi ayamba kufuna ampulifaya yaing'ono, yoyendera batire, imene munthu angainyamule m'dzanja limodzi kapena kuimangirira kumbuyo kwa njinga. Danga lino sabata ino lifotokoza za kasankhidwe ndi kagwiritsidwe kace, pakuti alipo amene ataya ndalama za cimanga ca caka conse pa bokosi limene silinawathandize, ndipo alipo ena amene agula kukula kwa mau nataya kukoma kwa coimbira cao.

Mfundo yaikulu ndi imodzi. Ampulifaya ndi cigubu ca masiku ano. Nchito yace ndi kutenga mau amene coimbira ciri nao kale ndi kuwafikitsa patali, osaonjezapo ace. Ngati munthu wodziwa banjo ya mnzace aima kuseri kwa nyumba, namva nyimbo, nati, "Uyo ndi uje ali kuimba," ampulifayayo ndi yabwino. Koma akafunsa kuti, "Kodi ndi wailesi ya yani imeneyo?" ndiye kuti ndalama zapita pacabe.

Mabokosi atatu ofanana kunja

M'masitolo a ku Kamwala ndi a m'matauni ena muli mabokosi a mitundu itatu amene maonekedwe ao amasokoneza wogula. Loyamba ndi ampulifaya ya gitala ya magetsi. Imeneyi ndiyo inamveka m'zaka za m'ma 1970, pamene magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anali kudzaza maholo a ku Migodi ndi a mu Lusaka ndi nyimbo zimene lero zichedwa Zamrock. Oimba amenewo anali kufuna mau okalipa, osasa, ong'ambika dala, ndipo ampulifaya ya mtundu umenewu inapangidwira zomwezo: imakweza mau a pakati nidula mau opyapyala a pamwamba. Gitala ya bokosi ikalumikizidwa pamenepo imalira monga munthu wolankhula atatsina mphuno.

Bokosi laciwiri ndi sipika ya mateyala, yokoka monga sutukesi, ya timagetsi tothwanima ndi Bluetooth. Imeneyi inapangidwira nyimbo zojambulidwa kale ndi zolengeza pa misonkhano. Imagunda kwambiri mau apansi kuti anthu abvine, ndipo khomo lace nthawi zambiri ndi la maikolofoni cabe. Woimba amene afuna kuigwiritsa nchito ayenera kuimbira pa maikolofoni ya waya. Asayese kudutsira pa Bluetooth, pakuti mau a Bluetooth amacedwa pang'ono: cala cakhudza kale nsambo, mau nabwera pambuyo, ndipo ngakhale katswiri amasokonezeka nayo.

Bokosi lacitatu ndilo loyenera. Ndi ampulifaya yopangidwira zoimbira zopanda magetsi, imene pa katoni yace pamalembedwa liu lakuti acoustic. Zambiri za mtundu umenewu ziri ndi sipika yaikulu ya mau apansi ndi a pakati, ndi kena kakang'ono ka mau opyapyala a nsambo. Ziri ndi makomo awiri, lina la coimbira, lina la maikolofoni, kotero kuti munthu mmodzi angathe kuimba pakamwa ndi kuliza gitala pa bokosi limodzi. Ampulifaya yoyendera batire si cinthu ca dzulo. Ku America ya dzina lakuti Pignose inayamba kugulitsidwa mu 1973, ya mawati 5 ndi mabatire ang'ono 6. Pa zimene zinadza pambuyo pace pali Roland AC-33, Roland CUBE Street ndi Fishman Loudbox Mini Charge. Maina amenewa achulidwa monga zitsanzo cabe, pakuti dzina la pa bokosi siliposa khutu la wogula.

Khomo lolowera mau

Ambiri amathera nzeru zao zonse pa bokosi naiwala kufunsa kuti mau adzalowamo bwanji. Komatu madzi akadetsedwa pa citsime, mtsuko ngakhale ukhale watsopano sungawayeretse. Njira zotengera mau kucokera ku coimbira ziripo zitatu.

Yoyamba ndi pickup ya maginito, imene imaikidwa pa bowo la gitala pansi pa nsambo. Imamva citsulo cokha. Banjo ya nsambo za waya wa m'tayala kapena wa mabuleki a njinga idzamveka, koma ya nsambo za nailoni kapena za cingwe ca mbedza idzakhala cete monga palibe cimene caikidwapo. Ku Kinshasa, Mawangu Mingiedi, amene anayambitsa gulu la Konono No 1, anapanga pickup yotere yekha ndi maginito ocotsedwa ku magalimoto akufa ndi waya wa mkuwa, naiika pa likembe, mbale wace wa kalimba, kuti limveke pakati pa phokoso la mzinda. Mau anatuluka ong'ambika. Iwo anawalandira nawasandutsa mtundu wao wa nyimbo, umene unachuka kunja pamene cimbale cao ca Congotronics cinatuluka mu 2004. Nzeru yao ndi yotamandika, koma mau amenewo ndi atsopano. Wofuna kuti kalimba ka agogo ace kamveke monga kanali kumvekera ayenera kutsata njira yina.

Yaciwiri ndi pickup ya piezo, kacitsulo kopyapyala konga kandalama, kamene kamamatidwa pa thabwa ndi kumva kunjenjemera kwace. Ndi kochipa, ndipo kamagwira pa gitala, pa banjo, pa kalimba ndi pa bangwe mosasankha nsambo. Bvuto lace ndi lakuti mphamvu yace ndi yofooka ndipo imafuna khomo loiyenera, limene akatswiri amati likhale la megaohm 1 kapena kuposa. Khomo limenelo pa ampulifaya limalembedwa Guitar, Instrument kapena Hi-Z. Kakalowetsedwa pa khomo la Mic kapena la Aux, mau apansi onse amathawa, ndipo gitala yabwino imalira monga citini ca mafuta. Ambiri amene anabweza ampulifaya ku sitolo ponena kuti ndi yoipa analakwitsa khomo cabe. Mankhwala ace ndi kabokosi kochedwa preamp, koyendera batire la mavolti 9, kamene kamaikidwa pakati pa coimbira ndi ampulifaya. Magitala ena amabwera nako m'kati kale. Woimba asafulumire kumata piezo ndi guluu. Ayambe wayesa malo atatu kapena anai ndi tepi kapena phula, pakuti kusuntha kwa cala cimodzi kumasintha mau kwambiri.

Yacitatu ndi maikolofoni, ndipo pa zoimbira za makolo imeneyi ndiyo yokhulupirika koposa. Piezo imamva thabwa, koma siimva bwino mpweya wa m'cigubu kapena kunjenjemera kwa kansalu ka kangaude kaja, kumene kuli mcere wa kalimba. Maikolofoni imamva zonse monga khutu. Ya mtundu wa dynamic ndiyo yoyenera woyenda-yenda, cifukwa ndi yolimba ndipo siifuna batire. Ya mtundu wa condenser imafuna mavolti 48 ocokera ku ampulifaya, amene mabokosi ambiri ang'ono alibe. Pa gitala maikolofoni iikidwe pa mtunda wa cikhato cimodzi, yolozetsa pamene khosi la gitala likumana ndi thupi lace. Ikalozetsedwa m'bowo mau amatuluka obuula. Pa kalimba iikidwe pafupi ndi pakamwa pa cigubu.

Oimba kalindula adziwe cinthu cimodzi. Babatoni iri ndi mau apansi kwambiri, amene sipika ya mainchi 5 kapena 6 singawanyamule. Imangophupha-phupha, ndipo ikakakamizidwa imang'ambika. Pamenepo pafunika sipika ya mainchi 10 kapena 12. Ng'oma ndi zisekese pa gulu la anthu ocepa sizifuna cokuzira konse. Cofunika kukwezedwa ndi cimene cimamira: mau a munthu, banjo ndi kalimba.

Mawati a pa katoni

Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Katoni ina imalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti 3000W PMPO, pamene bokosilo munthu alinyamula ndi zala ziwiri. Ciwerengero ca PMPO ciribe muyezo umene opanga onse anagwirizana, ndipo wogula asaciwerengere. Ciwerengero cothandiza ndi ca RMS, cimene cimanena mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza. Pali njira yapafupi yogwirira bodza. Kumbuyo kwa bokosi, kapena pa chaja yace, pamalembedwa mphamvu imene limadya. Bokosi limene limadya mawati 40 silingatulutse mawati 3000, monga nkhokwe imene munalowa matumba anai singatulutse matumba zana.

Cina cimene ambiri sadziwa ndi cakuti khutu silimva mawati monga dzanja liwerengera ndalama. Mawati akawirikizidwa kawiri, mau amakwera ndi madesibelo 3 cabe, kusiyana kumene munthu amangokuzindikira pang'ono. Kuti mau amveke okula kawiri, mawati ayenera kuculuka kakhumi. Motero wolipira ndalama zambiri kuti acoke pa mawati 30 kufika pa 40 wagula mphepo. Ndalama zimenezo zikanamthandiza koposa pa maikolofoni yabwino kapena pa waya wolimba.

Woimba ayenera kuyamba ndi kudzifunsa kumene amaimba masiku ambiri, osati kumene alota kudzaimba. Pa khonde, m'kalasi kapena pa kagulu ka anthu makumi awiri, mawati 5 kufikira 10 akwanira. M'chalichi caching'ono kapena pa kona ya msika pafunika 20 kufikira 30. Pa bwalo la panja pamene pali ng'oma pafunika 50 kapena 60. Panja pamadya mau cifukwa palibe zipupa zowabweza: mtunda ukawirikizidwa kawiri, mau amatsika ndi madesibelo 6. Khamu longa la ku Mtenguleni pa Nc'wala kapena la ku Mkaika pa Kulamba silingafikiridwe ndi bokosi la pamanja liri lonse. Kumeneko ndi kwa zimkuza-mau zazikulu za okonza mwambo.

Batire ndilo mtima wace

Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuthima maola 17 kapena kuposa pa tsiku m'matauni ambiri a dziko lino, ndipo midzi yambiri sinalumikizidwe konse ku magetsi a mawaya. Motero kwa woimba wa kuno batire si cokometsera cabe. Ndilo limene lidzanena ngati nyimbo idzafika kumapeto kwa phwando.

Mabokosi ena amayendera mabatire ang'ono a AA, 6 kapena 8. Ubwino wace ndi wakuti amapezeka pa kantemba kali konse, koma wogula otaya sabata ndi sabata adzapeza kuti pakutha caka walipira mtengo wa ampulifaya yina. Ndi bwino kugula ochajanso, magulu awiri, lina m'bokosi, lina m'thumba. Mabokosi ena ali ndi batire la m'kati, la lithium kapena la mtovu. La lithium ndi lopepuka ndipo limakhalitsa, koma limadana ndi kutentha. Lisasiyidwe pa dzuwa la Okutobala kapena m'galimoto yotseka, ndipo likayamba kutupa lisachajidwenso. La mtovu ndi lolemera koma lochipa. Limafa msanga likamatheratu kawiri-kawiri, kapena likasungidwa miyezi liri lopanda moto.

Maola olembedwa pa katoni ayenera kuwerengedwa mocenjera, pakuti kukweza mau ndiko kudya batire. Opanga Roland CUBE Street EX ananena poyera kuti mabatire ace 8 amakhala maola 20 pa mawati 10, maola 10 pa mawati 25, ndi maola 5 cabe pa mawati 50. Wogwiritsa batire la mtovu angathe kudziwerengera yekha. La mavolti 12 ndi 7Ah liri ndi mphamvu 84, ndiko kuti 12 kuculukitsa ndi 7. Popeza siliyenera kutha kupitirira theka, zotsala ndi 42, ndipo ampulifaya imene imadya mawati 10 idzayenda nalo pafupi-fupi maola anai. Wochaja ndi sola aike controller pakati, pakuti panelo yolumikizidwa mwacindunji imaphika batire.

Magetsi a dziko lino ndi a mavolti 230. Ampulifaya yogwirapo kale nchito yocokera ku America ingakhale ya mavolti 120, ndipo ikalumikizidwa pa khoma la kuno imapsa nthawi yomweyo. Wogula ayang'ane kumbuyo. Pakalembedwa 100-240V palibe bvuto. Chaja ikatayika asangotola iri yonse imene yalowa pa bowo, cifukwa mavolti angasiyane, ndipo ngakhale afanane, mbali ya + ndi ya - ingakhale yotembenuka. Kulemera nakonso kuganiziridwe. Roland AC-33 siikwana makilogalamu 5, pamene Loudbox Mini Charge iri pafupi ndi makilogalamu 10. M'sitolo kusiyana kumeneku kumaoneka kocepa, koma wokwera phiri ndi gitala kumsana amakudziwa bwino.

Tsiku logula

Safunsa anadya phula. Woimba apite ku sitolo ndi coimbira cace, waya wace, ndi mnzace wa khutu labwino. Asalole kuti wogulitsa amuyesere ndi nyimbo za pa foni, cifukwa nyimbo zojambulidwa zimakoma pa bokosi liri lonse. Apemphe kuti pulagi icotsedwe pa khoma ndipo ampulifaya iyesedwe pa batire, popeza zina zimatsika mphamvu zikacoka pa magetsi. Ayambe kuliza coimbira popanda ampulifaya kuti khutu ligwire mau ace enieni, kenaka akweze pang'ono-pang'ono. Mnzace aime patali masitepe khumi ndi kunena ngati mau a nyimbo amveka liu ndi liu. Aimbe motsitsa, aimbenso mwamphamvu. Aleke kuimba ndi kuchera khutu ngati bokosi lilira lokha monga njuci. Apotokole batani liri lonse ndi kugwedeza waya pa khomo. Pakamveka kuthetheka ndiye kuti m'kati muli matenda.

Afunse ngati batire la m'kati lingasinthidwe, ndi ngati alipo mmisiri pafupi amene amakonza mtundu umenewo, pakuti bokosi labwino limene batire lace silipezeka lidzasanduka mpando pakutha zaka ziwiri kapena zitatu. Alandire lisiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku ndi nambala ya bokosi. Lamulo la 2010 loteteza ogula linakhazikitsa bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene limalandira madandaulo a ogulitsidwa katundu woonongeka, koma wopanda lisiti mlandu wace ndi wobvuta. Kumene ndalama za munthu mmodzi sizikwana, gulu la oimba kapena kwaya lisonkhe ndi kugula imodzi yabwino m'malo mwa zitatu zosathandiza. Mutu umodzi susenza denga. Koma asankhiretu wosunga, ndipo alembe m'buku amene waitenga ndi tsiku loibweza, kuti bokosi lisapasule gulu limene linaligula.

Pa bwalo

Pofika pa malo oimbira, woimba atsitse Volume kufikira pansi, alumikize mawaya, ndipo pamenepo ndiye ayatse. Pomaliza atsitse, azime, ndiye acotse mawaya. Wocita mosemphanitsa amamva kuphulika kuja kumene kumafupikitsa moyo wa sipika. Ampulifaya isaikidwe pansi, pakuti mau adzathera m'miyendo ya okhala patsogolo. Iikidwe pa mpando kapena pa thebulo, pa msinkhu wa makutu a omvera. Kukweza bokosi pa mpando kumathandiza kawiri-kawiri koposa kuonjeza mawati, ndipo sikudya batire.

Mdani wamkulu ndi kulira kolasa m'makutu kumene akatswiri amakucha feedback. Kumabwera pamene mau otuluka m'sipika alowanso m'maikolofoni kapena m'thupi la gitala, nakwezedwanso, nazungulira motero kufikira asanduka mluzu kapena kubuula. Gitala ya bokosi imagwidwa msanga cifukwa thupi lace linapangidwira kunjenjemera. Mankhwala oyamba ndi malo: sipika ikhale pambali ndi patsogolo pang'ono pa woimba, yopenya kwa anthu, ndipo maikolofoni isaloze kwa iyo. Woimba ayandikize pakamwa pa maikolofoni m'malo mokweza batani, ndipo asafumbate mutu wace ndi dzanja, pakuti kutero kumaitana kulirako. Ngati gitala ibuula, bowo lace litsekedwe ndi cotsekera ca mphira, ndipo Bass itsitsidwe. Mabokosi ena ali ndi batani la Phase, Notch kapena Anti-Feedback, limene linaikidwira nchito yomweyi.

Mabatani a Bass, Middle ndi Treble ayambire pakati. Mau akaipa, nzeru ndi kucepetsa cimene caculuka, osati kuonjeza cimene cioneka cosowa. Gitala ikabuula, Bass itsike. Ikalasa, Treble itsike. Pamene pali Gain ndi Master, Gain ikwezedwe kufikira mau ali pafupi kusasa, ibwezedwe pang'ono, ndipo kukula kwa mau kuyendetsedwe ndi Master. Batani la Reverb kapena Echo limanyenga ambiri, cifukwa limabisa zolakwa ndi kumveketsa munthu monga ali mu holo yaikulu. M'chalichi ca njerwa ndi malata, m'mene zipupa zimabweza kale mau, kuonjeza Echo kumasandutsa nyimbo phala, ndipo okalamba okhala kumbuyo samva liu ndi limodzi lomwe. Panja kacepe kangathandize; m'nyumba kawiri-kawiri sikafunika.

Pa gulu, ampulifaya isakhale mfumu. Mau a woimba pakamwa akhale pamwamba, zoimbira pansi pace. Nyimbo za kuno ndi za kuyankhana, wotsogolera aponya, anthu nalandira. Bokosi likakwezedwa kufikira anthu sadzimva okha, amaleka kuyankha ndi kuomba m'manja, nasanduka oonerera cabe. Pamenepo woimba wapambana phokoso la msika, koma wataya bwalo.

Moyo, makutu ndi anansi

Walira mvula walira matope. Magetsi amene akweza nyimbo angathenso kupha. Mu 1972 woimba gitala wa ku Scotland, Les Harvey, anafera pa nsanja ku Swansea pamaso pa anthu atagwira maikolofoni imene waya wace wa earth sunali bwino. Pulagi ya mano atatu isathyoledwe dzino lalitali lija, ndipo mawaya osenda asalowetsedwe m'khoma ndi timitengo ta macisi. Woimba ali pa magetsi a khoma kapena a jenereta asaime pa nthaka yonyowa wopanda nsapato. Nyengo ya mvula, kuimbira pa batire pulagi itacotsedwa ndiko kotetezeka.

Makutu akafa sabwerera. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, limati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi, koma madesibelo 3 ali onse oonjezera amadula nthawiyo pakati. Wopanda coyezera ali ndi muyezo wapafupi: ngati ayenera kupfuula kuti mnzace woima pa mtunda wa mkono umodzi amve, phokoso lapitirira. Makutu akamalira okha usiku pambuyo pa kuimba, limenelo ndi cenjezo. Ana amakonda kuunjikana pakamwa peni-peni pa sipika, akulu awasunthe.

Anansi naonso ali ndi makutu. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 limawerengera phokoso pamodzi ndi zina zoononga malo okhala anthu. Wofuna kuimba pa msika kapena pa sitesheni ayambe waonana ndi akulu a pamalopo kapena a Khonsolo, ndipo m'mudzi adziwitse a mfumu. Pafupi ndi cipatala, pa sukulu nthawi ya maphunziro, ndi pamene pali maliro m'mudzi, ulemu uposa nyimbo. Ng'oma yolira kwambiri siicedwa kung'ambika, ndipo woimba wosamva za anzace sacedwa kupitikitsidwa.

Pambuyo pa nchito bokosi lipukutidwe pfumbi ndi kubvekedwa nsalu kapena thumba, lisungidwe pamwamba, kutali ndi cinyezi, mphemvu ndi makoswe. Mabatire a AA acotsedwe likakhala masabata osagwira nchito, cifukwa amakha madzi amene amadya zitsulo. Waya acotsedwe pa gitala ya preamp, pakuti akakhala cilowere batire limayendabe usiku wonse. Waya apindidwe mozungulira momasuka, osati pa cigongono, ndipo wina wapadera akhale m'thumba, popeza pa zimene zimaletsa nyimbo pa phwando waya ndiye woyamba kuganiziridwa.

Alick Nkhata anadziwika m'dziko lonse lino m'zaka za m'ma 1950 ndi gitala ya bokosi ndi maikolofoni ya nyumba ya wailesi mu Lusaka. Makina anangonyamula cimene iye anali naco kale. Ampulifaya siphunzitsa munthu kuimba. Imakuza cokoma, nikuzanso colakwa, ndipo nsambo yosachunidwa imene pa khonde inali kumvedwa ndi anthu asanu idzamvedwa tsopano ndi msika wonse. Motero woimba ayambe wachuna coimbira cace ndi kudziwa nyimbo yace, ndipo pambuyo pace afune bokosi limene lidzainyamula mokhulupirika monga cinali kucitira cigubu ca makolo.

Sabata ya mawa danga lino lidzanena za nsambo: mitundu yace, nthawi yozisinthira, ndi cifukwa cace zimacita dzimbiri msanga m'nyengo ya dzinja.